Khadi la Achemwali Abrehet

Ndinathawa m'mawa, dzuwa litatuluka kale, nditanyamula matumba awiri akuda a pulasitiki. Limodzi linalidi la zinyalala. M'linalo munali madiresi atatu, mipango iwiri, nsapato ndi chaja ya foni. Loyambalo ndinaliponya m'bini ya kunja kwa geti monga ndinkachitira tsiku lililonse, kenako ndinangopitirira osacheuka. Msewu uja wa ku Al Hilal, ku Qatar, unali zii, mipanda yaitali uku ndi uku, ndipo chomwe ndinkamva ndi mapatapata anga okha.

Kwathu ndi ku Ntaja. Bambo a mwana wanga anapita ku Joni mwanayo akukwawa, ndipo patapita zaka ziwiri foni yawo inasiya kulowa. Ndinayesa mandasi, ndinayesa tomato, koma zonse zinkathera m'kamwa tsiku lomwelo. Ejenti wina atabwera kudzalemba amayi opita kukagwira ntchito za m'nyumba ku Qatar, ndinalembetsa. Mwana wangayo, Asiyatu, ndinamusiya ali ndi zaka zisanu ndi chimodzi m'manja mwa achemwali anga aakulu, a Patuma. Tsiku lonyamuka sanalire. Anali wotanganidwa ndi dzino lake logwedera, ndipo ankafuna ndiligwire ndimve mmene likugwederera.

M'nyumba ya ku Al Hilal munali madamu, amuna awo amene tonse tinkawatcha Baba, ana anayi, ndi mayi ake a Baba, okalamba, odwala shuga. Pasipoti anailandira tsiku lomwe ndinafika, akuti kuopa kuti ingasowe. Antchito tinalipo awiri, ine ndi Lorna wa ku Philippines, amene anandiphunzitsa makina ochapira ndi Chiarabu changa choyamba. Chaka choyamba sichinali choipa. Ntchito inali yambiri koma ndalama ndinkatumiza, ndipo Asiyatu anayamba sukulu atavala nsapato.

Kontirakiti ya Lorna itatha anapita kwawo, ndipo pasanathe mwezi matenda a korona aja anafika. Ndege zinaima, wom'lowa m'malo sanabwere. Sukulu zinatsekedwa, Baba anasiya kupita ku ofesi, ndipo nyumba yonse inagwera ine ndekha. Madamu sanali munthu woipa mtima, koma mantha anawasintha. Chilichonse cholowa pageti, ngakhale anyezi, chinkayenera kutsukidwa. Jiki anandidya m'manja mpaka zala zinang'ambika.

Tsiku lina ndinatsokomola ndikupereka tiyi. Madzulo ake anandisamutsira m'kachipinda ka padenga, pafupi ndi matanki a madzi, n'kukiya chitseko cha pamasitepe. Chakudya ankasiya pansi pa chitsekocho. Ndinakhala kumeneko masabata atatu, ndikutentha thupi, ndikuyang'ana madenga a anthu ena. Munthu yekhayo amene ankandiyankhula anali mayi okalamba aja. Ankabwera pansi pa masitepe n'kuitana dzina langa, kulilakwitsa monga mwa nthawi zonse, n'kufunsa ngati ndadya. Sabata yachitatu anasiya kubwera. Atanditsegulira ndinapeza kuti anawatengera kuchipatala ndipo sanabwerere.

Palibe amene ananena kuti ndine ndinawapatsira. Ine ndinali ndisanapitirirepo bini ya pageti kwa miyezi, pamene Baba ankatuluka. Koma madamu anasiya kundiyang'ana kumaso, ndipo ana anauzidwa kuti asamadye chomwe ndagwira ndi manja osavala magolovesi.

Nthawi imeneyo pa gulu la Amalawi la pa foni panayamba kumveka nkhani yoti lamulo lasintha, wantchito akhoza kusintha bwana popanda kalata ya bwana wakale. Ndinaimvetsera kangapo, kenako ndinalimba mtima n'kupita kwa Baba.

"Lamulolo lili kunja kwa geti," anatero osachotsa maso pa foni. "Muno ndi m'nyumba mwanga. Khalas."

Khalas ndiye kuti nkhani yatha. Patatha sabata ndi pamene ndinanyamula matumba aja. Sindinkadziwa kuti lamulolo linali ndi njira yake, yoti uyambe wapereka notisi ndi kupeza bwana watsopano. Ndinangomva kuti chitseko chatseguka. Pofika mawa lake Baba anali atakanena kuti wantchito wawo wathawa, ndipo dzina langa linalowa m'kompyuta ndi mawu amene aliyense kumeneko amawaopa: huroob, wothawa.

Amene anandilandira anali a Nabanda, namwino wa ku Kasungu, amene ndinkangowadziwa mawu pa gulu lija. Ankakhala m'fulati ku Rawdat Al Khail ndi anamwino ena awiri a mayiko ena. Atanditsegulira anaima patali, masiki kukamwa, n'kundiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi.

"Mayi a Asiyatu, mukudziwa kuti akakupezani muno nanenso ndapita?"

"Ndikudziwa, asisi. Ndipatseni masiku awiri okha."

"Lowani. Za masiku tikambirana mukadya."

Masiku awiriwo anasanduka miyezi itatu. Ndinkagona pa matiresi pakati pa bedi lawo ndi khoma. Iwo ankachoka kusanache n'kubwera atatheratu, mphuno italembeka mzere wa masiki. Ankavulira pakhomo, kusamba, kudya ataimirira, n'kugona. Masiku ena tinkangoyankhulana mawu asanu. Akapita, ine ndinkayenda mopanda nsapato kuti a pansi asamve kuti muli munthu. Sindinkayatsa wailesi kapena kutsegula mpopi kwambiri. Ndinkaswali monong'ona. Pawindo ndinkasuzumira pa kampata ka katani, n'kumaona bambo wa sitolo ya patsidya akuloza kachipangizo koyezera kutentha pamphumi pa aliyense wolowa, ndi anthu akumuonetsa foni. Popanda khadi la boma, foni yako sinkaonetsa zobiriwira zosonyeza kuti ulibe matendawo, ndipo popanda zobiriwirazo sukanagula ngakhale buledi.

Kumudzi sindinanene. A Patuma akaimba ndinkati ntchito ikuyenda, malipiro okha ndiwo achedwa.

Tsiku lina ndinamva mmodzi wa anamwino aja akuyankhula ndi a Nabanda kukhitchini. Chingerezi changa ndi chochepa koma ndinamva mawu oti polisi, ndi oti ana ake atatu amene amadalira iye. Sankakalipa. Ankalira. A Nabanda atalowa kuchipinda anangokhala pabedi n'kumasisita mapazi awo otupa. M'mawa mwake ndinawauza kuti ndikadzipereka ndekha, anditumize kwathu.

"Ine sindinakuthamangitseni," anatero.

"Simunandithamangitse, asisi. Ndasowa mwana wanga."

Tonse tinkadziwa kuti sichinali chifukwa chokhacho. Anandiitanira takisi, n'kundipatsa juzi yawo, akuti kumalo amenewo makina oziziritsa sazimitsidwa.

Ndinkaganiza kuti ukadzipereka, sabata yomweyo uli m'ndege. Anandiika kumalo osungirako amayi odikira kubwezedwa kwawo, holo yaikulu ya mabedi osanjikana, magetsi osazima. Wolemba mayina atamva kuti Malawi anayang'ana mnzake. Ndege zofika kwathu kunalibe. Pasipoti, Baba anati sakuiona. Popanda pasipoti pankafunika chikalata china choyendera, ndipo panalibe wodziwa kuti chichokera kuti. Amayi a mayiko amene ankatumiza ndege zotenga anthu awo ankaitanidwa magulumagulu. Ankabwera, kulira masiku angapo, n'kupita. Ine ndinkatsala.

Bedi la pansi pa langa linali la mayi wamtali, woonda, wa imvi m'mbali mwa mutu ndi kamtanda kobiriwira kotemedwa pamphumi. Dzina lawo linali Abrehet. Anandiona ndikunjenjemera tsiku lachitatu, n'kundiponyera bulangeti lawo lachiwiri.

"Malawi," anandiitana choncho, m'Chiarabu chothyokathyoka chonga changa chomwe. "Usawerenge masiku. Amene amawerenga amadwala."

"Inu mwakhala masiku angati?"

"Sindiwerenga," anatero, n'kuseka.

Ena anandiuza kuti a Abrehet anawapeza momwemo, ndipo ngakhale amene anafika kale kuposa iwowo nawonso anawapeza. Nkhani yawo anandiuza pang'onopang'ono, tikuchapa zovala m'mabafa. Dziko lawo sindilitchula, chifukwa iwo eni ankalitchula motsitsa mawu. Anatengedwa usilikali ali mtsikana, usilikali wopanda tsiku lothera. Patapita zaka zambiri anathawa wapansi, kudutsa malire usiku ndi usana, mpaka anafika dziko loyandikana nalo. Kuchokera uko anapeza njira yobwera kuno ku Doha, kumene analera ana a banja lina mpaka anawo anakula. Banjalo litasamuka, mapepala awo anatha mphamvu, pasipoti inatha, ndipo yatsopano sakanaipeza popanda kudzipereka kwa anthu omwe anawathawa aja. Anagwira maganyu mobisala mpaka anagwidwa m'basi.

"Iwe ukulira kuti akutumize kwanu," anandiuza. "Ine ndikamva chitseko ndimapemphera kuti asanditumize. Kwathu wothawa usilikali salandiridwa ndi maluwa. Awanso akudziwa, n'chifukwa chake ndili pano. Sangandiponye uko, sanganditulutse kuno."

Ndinawaphunzitsa mawu akuti achemwali. Anawakonda, ndipo ankafuna ndiziwaitana choncho pamaso pa anthu.

Patapita miyezi ingapo kunabwera mayi wa ku ofesi, wovala abaya yakuda, mkanjo wautali wa amayi a kumeneko, ndi masiki, ali ndi womasulira ndi mulu wa mafomu. Anati amene sitingathe kutumizidwa kwathu sitingangokhala kudya ndi kugona pamene zipatala zikusowa oyeretsa, popeza antchito atsopano sakulowa m'dziko. Kampani ina inavomera kutitenga. Wosayina achotsedwa mawu a huroob aja, apatsidwa chilolezo chogwira ntchito. Wosafuna apitirize kudikira ndege.

Holo yonse inasokosera. Ena ankati ndi msampha, akufuna antchito otchipa. Ena anayamba kale kupanga mzere. Ine ndinapempha foni n'kuimbira a Patuma, ndipo ulendo uno ndinawauza zoona.

"Ndiye miyezi yonseyi umandinamiza," anatero. Kenako anapumira m'mwamba. "Ubwera kudzatani kuno? Msika wafa, anthu akungoyang'anana. Ngati akukupatsa ntchito, gwira. Mwana ali bwino."

Anamupatsa foni Asiyatu. Anandifunsa ngati ndibwera pa Idi. Ndinati pa Idi inayo. Anati chabwino, n'kubweza foni kwa achemwali.

Ndinabwerera pabedi ndisanasankhe. A Abrehet anandiyang'ana n'kunditengera dzanja mpaka pamzere. Ine nambala ya pasipoti ndinali nayo pa chithunzi cha m'foni, ndipo anati imeneyo ikwanira poyambira. Itafika nthawi yawo, womasulira anaika chala pa bokosi la nambala ya pasipoti yogwira ntchito. Analibe. Mayi wa abaya uja anaimba foni, anayankhula nthawi yaitali, kenako anaika fomu yawo pambali payokha.

"Inshallah," anawauza, ndipo sindikuganiza kuti ankanyoza. Nayenso sankadziwa.

Zinandiwawa kuti ine amene ndinali ndi kwathu ndinatuluka, iwo amene chilolezocho chinkawayenera kuposa tonse n'kutsala. M'mawa wa tsiku lotuluka anandikhazika pansi pakati pa miyendo yawo n'kundiluka timizere ting'onoting'ono tothina, malukidwe a kwawo. Atamaliza anandimenya kaphewa n'kuti, "Yalla, pita. Ukadye nyama m'malo mwanga."

Kampani inatiika m'hositelo kunja kwa mzinda, asanu ndi mmodzi m'chipinda. Basi inkatitenga m'bandakucha kupita kuchipatala. Ndinkakolopa makonde, kupukuta zitseko, kutaya mabini, nditavala zovala za pulasitiki zimene zinkandisiya nditanyowa ngati ndagwa m'chitsime. Odwala ambiri analibe wowayendera. Ena ankandigwira mkono ndikamadutsa, osafuna kanthu, kungofuna munthu aime.

Si onse amene anatilandira. Mnzathu wina wa m'chipinda, wa ku Uganda, anandiuza poyera tsiku loyamba.

"Ine bwana wanga wakale ankandimenya mbama, koma ndinapirira mpaka kontirakiti inatha. Inu mwathawa, ndipo akupatsani khadi lofanana ndi langa. Ndiye kupirira kwanga kunali kwa chiyani?"

Ndinangomuuza kuti m'holo muja muli mayi amene sanabe kanthu kwa munthu, amene akukalamba pabedi la chitsulo manja ake ali abwinobwino. Patapita masiku anandifunsa dzina la mayiyo.

Supavaiza wathu anali bambo wa ku India, wofatsa, wooneka wotopa nthawi zonse. Ndinayamba kumuvutitsa. Lolemba lililonse ndinkamudikira pakhomo la kaofesi kake n'kumuuza kuti m'holo muja munatsala mayi wodziwa ntchito kuposa ine. Ankati si iye wopanga malamulo. Ndinapita kwa a Nabanda, ndipo tsopano ndinalowa pakhomo pawo masana, nsapato zili kuphazi. Analemba kalata ya Chingerezi chabwino, yonena kuti kampani ikumufuna munthuyo ndipo imusunga. Supavaiza anaisunga m'dirowa milungu iwiri, kenako anaipereka kwa akuluakulu ake, mwina pofuna kuti ndimusiye. Kunakhala chete miyezi. Nthawi yotentha inatha, inabwera yozizira. Ndinasiya kufunsa.

Lachinayi lina tikubwera ku ntchito, ndinaona munthu wamtali atakhala pa benchi ya pageti la hositelo, thumba la pulasitiki pamiyendo. Anali ataonda kuposa kale. Ndinatsika basi isanaimitsitse.

"Malawi," anatero, "wanenepa. Nyama yanga unadyadi."

Khadi lawo linali losiyana ndi lathu. Linali la chaka chimodzi, loti aziliwonjezera chaka chikatha, lowalola kugwira ntchito pa kampani yomweyo basi. Akatuluka nalo m'dziko sakanabwereranso, ndipo kopita kunalibe. Ine ndinaona ngati ndi chingwe chotalikirapo chabe. Iwo sanalione choncho. Analisokera kathumba ka nsalu n'kumalivala m'khosi, mkati mwa yunifolomu.

Lachisanu loyamba, tsiku lopuma kumeneko, anandipempha ndiwaperekeze ku Abu Hamour, kumene kuli matchalitchi onse mumpanda umodzi. Anali atatha zaka osapondako, chifukwa pageti amafunsa khadi. Anavala nsalu yoyera yopyapyala kumutu. Pamzere analephera kumasula kathumba kaja, ndinachita kuwamasulira. Mlonda analiyang'ana kamodzi, anayang'ana foni yawo, n'kuwakodola kuti adutse, maso ali kale pa munthu wotsatira. Iwo anaimabe pomwepo ngati akudikira funso lina. Wa kumbuyo anachita kuwakankha pang'ono.

Ine, Msilamu, ndinakhala pa siteji ya basi, mumthunzi wa chikwangwani, maola awiri. Atatuluka maso anali ofiira. Sitinakambe za mkatimo. Tinagula tiyi wa karaki, wamkaka wotsekemera uja, n'kukamwera m'paki ya ku Rawdat Al Khail.

Ndinkaganiza kuti tizikhala limodzi, koma anawatumiza kuchipatala china, shifiti ina, chipinda china. Tinkakhala mpanda umodzi koma kuonana kunali Lachisanu lokha, ndipo Lachisanu lina ntchito inkatilanda. Masiku enawo ndinkadzuka, kukolopa, kubwera, kugona. Foni ya kumudzi inkafupika chaka ndi chaka. Asiyatu ankayankha kuti eya ndi ayi, kenako ndinkamva akuthamangira anzake. Idi inayo inadutsa, ndi inanso.

Amalawi anzathu a maofesi anandithandiza kupeza pasipoti yatsopano. Kontirakiti itatha kampani inafuna ndiwonjezere, koma ndinakana. A Abrehet anasinthana shifiti ndi munthu kuti andiperekeze ku bwalo la ndege. Anandikankhira sutikesi mpaka pa mzere umene wopanda tikiti sadutsa. Anaima n'kumawerenga mayina a mizinda pa bolodi lalikulu lija, milomo ikuyenda.

"Yonseyi anthu akupitako lero lomwe?"

"Lero lomwe, achemwali."

Anagwedeza mutu. Anandipsompsona masaya onse, katatu monga amachitira kwawo, n'kutembenuka msanga chifukwa basi ya ku ntchito sidikira munthu.

Ku Ntaja ndinafika mu Okutobala, kukutentha, mitengo ili mbee. A Patuma anali atakalamba, ndipo ankayankhula nane mosamala ngati ndine wa boma. Asiyatu anatuluka m'nyumba ali msinkhu wa paphewa langa, anagwada patali n'kundipatsa moni wa alendo. Akafuna kanthu ankapita kwa a Patuma, amene ankawaitana kuti amayi. Ine sankanditcha chilichonse. Ankangoyamba kuyankhula akaona kuti ndamuyang'ana. Sindinamukakamize. Ndinakhoma malata pa nyumba yathu, n'kutsegula kaokala pamsewu. Anthu akandifunsa za ku Qatar ankafuna kumva za nyumba zazitali, ndipo ndinkawauza za nyumba zazitalizo.

Chakumapeto kwa Novembala a Abrehet anatumiza uthenga wa mawu. Khadi analiwonjezera chaka china, ndipo anawasamutsira ku wodi ya ana, kumene ntchito ndi yopepukirapo. Ankamveka osangalala. Pomaliza anafunsa ngati mvula yayamba kwathu. Anati kwawo ikamagwa pa malata munthu sumva mnzako, ndipo papita zaka zambiri asanamve phokoso limenelo.

Inagwa patatha masiku anayi, masana, yamphamvu. Ndinathamangira foni n'kuima pakati pa nyumba, dzanja m'mwamba. Asiyatu, amene ankasankha mpunga pakhomo, anandiyang'ana ngati ndapenga.

"Mukutani?"

Ndinamuuza kuti kuli mayi wina kutali amene akufuna kumva mvula. Anafunsa chifukwa chake sangopita kwawo kukaimva. Ndinakhala pansi n'kumufotokozera, mokweza mawu chifukwa cha malata, kuyambira pa matumba awiri aja mpaka pa geti la ku Abu Hamour. Kanali koyamba kuuza munthu wa kwathu nkhani yonse. Anamvetsera lichero lili pamiyendo, osasankhanso mpunga.

Nditamaliza anaimirira n'kukoka mpando.

"Apo simukufikira bwino," anatero. "Bweretsani."

Anakwera pampando, n'kukweza foni mpaka inatsala pang'ono kugunda malata, ndipo anaigwira choncho mpaka mkono unatopa.